Belu Lowerukira

Amuna ena akapuma pantchito amaweta nkhunda, ena amakakamira pa bawo, ena amatenga mkazi wachiwiri kuti awamalize msanga. A Laisoni Namakhwa, amene anayendetsa lole ya tiyi ku Thyolo mpaka mutu wonse mbuu, anatenga ndodo yolira. Senderani pafupi, nkhani imeneyi siifuna kukuwa.

Ndodoyo anawatumizira ndi mwana wawo Sungeni kuchokera ku Joni. Anali makina ofufuzira zitsulo zokwiririka m'nthaka: mpini wautali, kumapeto kuli chinthu chonga mbale, ndipo ukayendetsa mbaleyo pamwamba pa dothi n'kufika pamene pali chitsulo, imalira kuti twii! Mwanayo anaganiza bwino. Adokotala anali atawauza a Namakhwa kuti mtima wawo watopa, khasu ayi, kunyamula zolemera ayi, koma aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ndiye Sungeni anati bambo akhale ndi chowayendetsa.

Amene anaona zakuda ndi mkazi wawo, mayi Elube. Ndodoyo ankaitcha "mkazi mnzanga". Kukacha, bambo ankaipukuta ndi kansalu koyera, ulemu umene mawindo a nyumba yawo sanaulandirepo. Madzulo ankabwera ndi thumba lodzaza misomali yopindika, makobiri oboola pakati, mabatani a asilikali a Keyala, maloko opanda kiyi. Zonsezi ankazitsukira m'beseni la mayi Elube n'kuziyala patebulo.

"Mayi a Sungeni, mukuliona batanili? Munthu anapita nalo kunkhondo ili. Imeneyi ndi mbiri."

"Mbiri yanuyo ichoke patebulo, ndikufuna kuikapo chakudya."

Mayenje amene bamboyo ankakumba anali ponseponse, moti tsiku lina mayiwo anagwera m'limodzi ndowa ili pamutu. Anakalipa mpaka mawu kusasa, koma ndodoyo sanaithyole. Ankadziuza kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndiponso bamboyo nkhope inali itabwerera, phuma litachepa. Mayi Elube ankawakonda amuna awo, ngakhale akanalolera kumeza singano kusiyana n'kuvomera zimenezi pagulu. Mantha awo anali amodzi, oti adzadzuke tsiku lina n'kupeza mbali ina ya bedi itazizira.

Chimene chinkawanyansa kuposa mayenje chinali nkhani ya agogo. Kale, nthawi ya thangata, pamene anthu ankalima ulere m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pamalo, dera lonselo linali esiteti ya mzungu wina amene anthu ankangomutcha Chikoti. Agogo awo a Laisoni ndiwo anali kapitawo wake, woyang'anira olima.

"Agogo anga sanagwirepo khasu," ankatero bamboyo, chifuwa chili patsogolo. "Iwo yawo inali kuliza belu, kuyeza ndime, n'kumayenda ndi ndodo."

Mayi Elube ankangoluma mlomo, chifukwa belulo likalira, amene ankawerama ndi makolo awo.

Kumapeto kwa munda umene mayi Elube anasiyiridwa ndi mayi awo kunali malo otchedwa Pabelu. Panalibe belu lililonse. Panali chitsa cha mbawa ndi nsenjere basi, ndipo palibe ankafunsa kumene dzinalo linachokera. Tsiku lina ndodo inalira pamenepo mpaka agalu a kutsidya anauwa. A Namakhwa, munthu woletsedwa khasu uja, anakumba. Anapeza miyala yosanjidwa bwino, pansi pa miyalayo ziguduli zowola, m'zigudulimo chidutswa cha njanji chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, chobooledwa kumutu kwake. Anachita kuitana a Binwelo, bambo wakabaza wa m'mudzimo, kuti achikweze panjinga.

Asanapole n'komwe msana, anakapezanso kachitsulo komenyera kutsidya kwa mtsinje, nakonso kali pansi pa miyala.

"Bambo a Sungeni, ndikufunseni," anatero mayi Elube manja ali m'chiuno. "Chinthu chotayika chimadzifunditsa chiguduli? Chimadzisanjikira miyala? Belu kuno, chomenyera kutsidya. Amene anachita zimenezi sanafune kuti ziwirizi zidzaonanenso."

"Ankabisira akuba."

"Kabwezeni kumene mwazitenga."

"Inu mbiri simuidziwa. Ili ndi belu la agogo anga. Dzanja lawo linagwira pomwe ndagwirapa."

Chitsulocho bamboyo anachimangirira ndi waya pamtengo wa mango wa pabwalo. Kutacha, dzuwa lisanatuluke, mayi Elube akusesa, anangomva ngee! ngee! ngee! Mawu ake sanali aakulu kwenikweni, koma ankalowa m'mano. Atambala amene ankalira analekera pakati. Ndipo m'nyumba, ndodo ija, imene inali chitsamirire pakhoma, inalira yokha kamodzi n'kukhala chete.

"Mwamva?" anatero bamboyo mano onse ali pamtunda. "Zaka zonsezi, mawu ake akadali omwe aja."

"Ndamva. Mudzi wonse wamva. Tsopano bwerani mudzamwe mankhwala."

M'mawa wotsatira khasu la mayi Elube linasowa. Analisiya kuseri kwa chitseko cha khitchini monga mwa masiku onse. Anafuna m'khola, anafuna kubafa, anafuna ngakhale pansi pa bedi. Atatuluka anapeza kuti kwa anansi nakonso kuli phokoso lomwelo. Uyu khasu lake, uyo makasu ake onse, wina mpaka kakhasu kakutha kamene ana ankakumbira mbewa. Wakuba wamtundu wanji wosiya njinga, wosiya nkhuku, n'kutola makasu okhaokha?

Kumunda anakapeza zina. Mbali ya ku Pabelu inali itagalauzidwa, mizere yowongoka ngati achita kukoka chingwe, dothi lidakali lonyowa. Ikanakhala mphatso chikhala kuti pamalopo panalibe kanthu. Koma panali nandolo wawo, woti wayamba kale maluwa, ndipo yense anali atagona pansi, wodulidwa m'tsinde.

Anabwerera kunyumba akubwata. "Amene wandichita chipongwe ameneyu adziwa kuti ndine mwana wa yani!"

A Namakhwa anali atakhala pakhonde akuyang'ana m'manja mwawo.

"Manjawo atani?"

"Palibe."

Mayiwo anawagwira dzanja n'kulitembenuza. Linali ndi matuza, ena ataphulika kale.

"Mwalima? Inu? Adokotala anati chiyani?"

"Sindinalime ine. Ndinali gone."

"Nanga matope ali kumapaziwa mwawaponda kumaloto?"

Bamboyo anayang'ana mapazi awo nthawi yaitali, ngati ndi a munthu wina.

Masana a tsiku lotsatira a Binwelo anaima pabwalo njinga ali chigwirire. Anawapatsa mpando, anakana. Maso awo ankangothawira kumtengo wa mango.

"Mayi, ine sindikonda zolankhulalankhula. Koma m'mawa uno ndakumana ndi anthu panjira ya kumtsinje. Nkhungu inali yambiri. Mzere wautali, amuna ndi akazi, ena ana ali kumbuyo. Opanda nsapato, ena atavala ziguduli, makasu ali pamapewa. Ndinaliza belu la njinga kuti andipatse njira. Onse anaima nthawi imodzi n'kutembenuka."

"Ndi anthu a kuti? Nkhope zawo simunazione?"

"Mayi, ine ndili ndi ana. Sindinayang'ane. Koma mmodzi anandifunsa m'Chilomwe chija chakale cha akuluakulu, akuti, 'Kodi ndi limenelo?' Ine ndinangopalasa."

Apo mayi Elube zinawakwana. Dzuwa litapendeka, amuna awo akuwodzera pampando, anatenga mkazi mnzawo uja, kumuika paphewa, ulendo wokamuponya mumtsinje. Ali pakati pa njira, ndodoyo inayamba kulira. Mbale yake sinali pansi, inali m'mwamba, kumbuyo kwa mutu wawo. Twii. Twii. Twii. Inkalira n'kuleka, kulira n'kuleka, ngati ikupitidwa ndi zitsulo chimodzichimodzi pamsinkhu wa phewa la munthu. Panjirapo panalibe aliyense. Koma udzu wa m'mbali unkagwedezeka kopanda mphepo, ndipo panabwera fungo la thukuta lakale losakanikirana ndi fodya wa chingambwe.

Miyendo yawo inapatuka yokha, monga umachitira ukakumana ndi anthu osenza katundu. Anaima m'tchire mpaka ndodo inaleka. Chimene anaona n'chakuti udzuwo unkagonera mbali imodzi, cha kumunda. Wobwerera panalibe.

Anafika kunyumba ndodo idakali paphewa, atayiwala chimene anaitengera.

"Mawa kukacha chitsulo chimenecho chikabwerere m'dzenje. Mwandimva?"

"Mawa," anatero a Namakhwa, mawu ali kutali.

Mayiwo anatseka chitseko, anakokerapo tebulo ndi mbiri yake yonse, nati aone ngati munthu angadutse. Koma atadzidzimuka m'bandakucha, tebulo linali pamalo pake, chitseko chili pululu, mapiritsi ali pomwe anawasiya. Anapapasa mbali ina ya bedi. Inali yozizira.

Kunja kunali chiperoni, kamvula kaja kopanda mawu kamene kamabisa ngakhale nyumba ya mnansi. Anathamangira kumunda opanda mpango kumutu. Asanafike anayamba kumva makasu. Sanali khasu limodzi kapena awiri. Anali makasu ambirimbiri ogwera pansi nthawi imodzi, khu! khu! khu! ndipo pansi pa phokosolo pankamveka kanyimbo kong'ung'udza, kopanda mawu oti ungawagwire.

Munda wonse unali utatha. Chinangwa, mbatata, zonse zili miyendo m'mwamba. Pakati pa nkhunguyo anaona munthu mmodzi yekha, mwamuna wawo, atawerama, malaya atamatirira kumsana. Kumanja kwake ndi kumanzere kwake dothi linkatembenuka lokha, mzere umodzi ndi iye, mpaka kumene maso sakanatha kufika. Milomo yake inali itachita phulusa, ndipo ankapuma mokoka.

"Bambo a Sungeni! Ikani khasu pansi!"

"Sindingathe." Khu! "Anandifunsa kuti ndine wa kwa yani. Ndinatchula agogo." Khu! "Ndiye anati takhala tikukudikirani. Ndime ya akapitawo ndi iyi, sanaiyambe n'komwe."

Mayiwo anawagwira malaya n'kukoka ndi mphamvu zonse. Zinali ngati akukoka chitsa.

"Mufa inu! Tiyeni kunyumba!"

"Belu silinalire, mayi a Sungeni. Munthu saweruka belu lisanalire."

Mayi Elube anasiya malayawo. Iwo anatchola tiyi kuyambira ali mtsikana mpaka msana unakana, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito ya m'munda wa mwini amadziwa kuti belu limalira kawiri. Pali lolowera, pali lowerukira. Lolowera amaliza modukiza, lowerukira amaliza mosalekeza. Mwamuna wawo, dalaivala wongodziwa hutala, analiza lolowera n'kupita kukamwa tiyi. Anaitana anthu pantchito, osawawerutsa. N'chifukwa chake anthu aja anaima atamva belu la njinga ya a Binwelo. N'chifukwa chake panjira panalibe wobwerera.

"Mwamuna uyu adzandipha ine," anatero, n'kukwinya chitenje, liwiro la kunyumba.

Anafika pamtengo wa mango. Anatola chomenyera chija. Chinali chofunda, ngati wina wangochisiya kumene. Sanafune kuganiza zimenezo. Anamenya, anamenya, anamenya osapumira, mpaka dzanja linachita dzanzi, mpaka madzi a m'masamba anawagwera kumaso. Kenaka analeka n'kumvetsera.

Kumunda kunali zii. Ndiye kunamveka mpweya wautali, wa anthu ambiri owongola misana nthawi imodzi.

Patapita kanthawi mapazi anayamba kumveka panjira yodutsa pabwalo lawo. Mayi Elube anazyolika. Sanafune kuona nkhope ya aliyense. Ankangoona matope a pabwalo akulowa pansi malo ndi malo, zidendene ndi zala, zazikulu ndi zazing'ono. Kukhoma la khitchini kunkamveka go, go, go, makasu akutsamiritsidwa limodzilimodzi. Fungo la chingambwe linadzaza bwalo lonse.

Pakati pa mzerewo panali mapazi amene ankawadziwa. Anadzutsa mutu. A Namakhwa ankayenda maso ali tong'o, khasu lidakali paphewa. Anadutsa mtengo wa mango, anadutsa khomo la nyumba yawo yomwe osacheuka, n'kulunjika njira ya kumtsinje, kumene kuli msitu wa manda akale.

"Bambo a Sungeni!"

Sanacheuke.

"A Laisoni!"

Ngakhale khutu silinagwedezeke.

Pamenepo mantha a mayi Elube anapsa n'kusanduka ukali. Anathamanga, anawapitirira, n'kukagwada pakati penipeni pa njira, m'matope. Anaomba m'manja mwaulemu monga anaphunzitsidwira, koma mawu amene anatuluka sanali a munthu wopepesa.

"Makolo anga, pepani. Ine ndine mdzukulu wa Aliyenesi, amene ankalima nanu pano. Nandolo mwandithera, sindinanene kanthu. Chinangwa mwandithera, sindinanene kanthu. Koma uyu ayi! Ichi ndi chitsiru changa, ndipo ndilibe china. Sanakumenyenipo uyu, sanakuyezereni ndime. Ntchito yake inali kuyendetsa lole, ndipo mtima wake ndi wotha ngati sefa yakale. Ngati ndime ndi ya kapitawo, kapitawoyo si muli naye komweko? Mukundivutitsiranji ine? Kam'patseni khasu mwini wake!"

Mapazi onse anaima. Chiperoni chinkangogwa. Mayi Elube ankamva kuzizira kwa anthu oima mowazungulira, pafupi kwambiri, ndipo anatsinzina.

Ndiye cha kumbuyo kwa mzere wina anaseka. Kanali kaseko ka munthu wamkazi, kakafupi, kouma, kofanana ndi mmene ankasekera mayi awo akamva mwana wayankha mochenjera. Wina anatsatira, kenaka winanso.

Atatsegula maso anaona khasu likunyamuka paphewa la amuna awo. Linayenda m'mwamba, mpini uli chopendekera, mpaka nkhungu inalimeza. A Namakhwa anakhala pansi m'matope, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mayi a Sungeni," anatero ndi mawu a mwana, "ndili ndi ludzu."

"Ludzu? Mukuti ludzu? Munda wanga uli kuti? Nandolo wanga ali kuti? Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?" Ankakalipa choncho akuwapukuta kumaso ndi chitenje, misozi ili chuchuchu, ndipo sanawasiye dzanja mpaka anafika pakhomo.

Tsiku lomwelo a Binwelo anakwezanso chitsulo chija panjinga. Anachikulunga m'chiguduli chatsopano n'kuchibweza m'dzenje lake, ndipo miyala anasanja ndi mayi Elube eni ake, yambiri kuposa imene inalipo. Chomenyera mayiwo anakachikwirira kutsidya, pamalo amene amuna awo sanauzidwe. Anansi anabwera kudzatola makasu awo pakhoma la khitchini, onse opalidwa matope bwinobwino, ndipo palibe anafunsa funso. Amene sanapeze lake ndi mayi Elube okha.

A Namakhwa anagona kuchipatala mpaka matuza anauma, nabwerako amoyo. Ndodo ija sanaitaye, poti mtima umafunabe kuyenda. Amayenda nayo mpaka lero, ndipo mabatani akuchulukirabe patebulo. Koma ikalira pamene pali miyala yosanjidwa, amavula chipewa n'kupitirira. Za agogo amene sanagwirepo khasu, palibe anawamvanso akuzitchula.

Chiperoni chitabweranso, awiriwo anali pakhonde m'mamawa, tiyi ali m'manja. Kuchokera cha ku Pabelu kunamveka khasu limodzi. Linkagwa mopanda dongosolo, pena kumenya mwala, pena kuphonya, n'kukhala chete, n'kuyambanso. Aliyense womva akanadziwa kuti wolimayo ntchito imeneyi saidziwa.

A Namakhwa anaika kapu pansi. Anamvetsera nthawi yaitali, maso ali kumtengo wa mango, kumene waya uja unkalendewerabe wopanda kanthu.

"Mayi a Sungeni," anatero motsitsa, "ndi nkhalamba ija. Bwanji tikawalizire, apume?"

Mayi Elube anawaika mapiritsi m'dzanja.

"Khalani pansi mumwe mankhwala. Ndime yawo angoiyamba kumene."